Maina a Onyamula Katundu pa Sapitwa

Mervin anali munthu wa kwaya. Kuntchito kuchipatala ku South Bend, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, ankayimba, m'galimoto ankayimba, ndipo kaseti iliyonse yopezeka m'nyumba mwake ankaiyesa yojambulirapo nyimbo basi.

M'chaka cha 2003 bambo ake, a Alufeyo, adabwera kudzacheza miyezi itatu. Mkuluyu adakalambira ku Likhubula, akusenza katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje mpaka pa Sapitwa, nsonga ya miyala ndi nkhungu imene anthu ambiri akumudzi ankaiopa. Chinkawapweteka mtima n'chakuti mabuku a alendowo ankatchula azungu okhaokha. Anthu amene ankasenza mahema ndi kutsogolera njira sadalembedwe paliponse.

"Takhala pansi ndikuuze maina awo," ankatero.

"Mawa, bambo. Lero ndili ndi shifiti."

Mawa lakelo silidafike. Choncho mkuluyo, potsala yekha masana, adayamba kulankhula ndi wailesi ya kaseti. Adatchula anzake mmodzimmodzi, chaka chimene adakwera, amene adasochera, ndi amene adawapeza. Pobwerera kumudzi adapereka kasetiyo kwa mwana wake ndi manja awiri. Mervin adaiponya m'kabati osalembapo kanthu.

Chaka chotsatira kunali msonkhano wa mapemphero wa Amalawi ku Indianapolis, ndipo kwaya inali ndi nyimbo zatsopano zoti anthu aziphunzira m'galimoto popita. Mervin adatola kaseti yopanda dzina ija.

"A bambo a Pamela, mwayamba mwaimvera imeneyo?" adafunsa mkazi wake Evelina. "Mwinatu ndi ya apongozi."

"Aaa, ya bambo ili kwina. Tikuchedwa, anthu akudikira."

Adadina batani lojambulira, kwaya nkuyimba mbali zonse ziwiri. Ku Indianapolis anthu adawaombera m'manja, Mervin mapewa m'mwamba.

A Alufeyo adamwalira mu 2006, Mervin osapita kumaliro chifukwa mapepala ake omulola kukhala kunjako anali asadatuluke. Lamlungu lotsatira masana adalakalaka kumva mawu a bambo ake. Adakhuthula kabati yonse, kumvera kaseti iliyonse, osapeza kanthu. Pomaliza adaika ya kwaya ija. Adamva mawu ake omwe akutsogolera nyimbo mokondwa mpaka kumapeto. Nyimbo yomaliza itatha padamveka phokoso pang'ono, kenaka mawu okalamba, otopa:

"...amenewo ndiwo maina onse. Ine ndatsala ndekha wowadziwa. Usawataye, mwana wanga."

Kaseti idathera pomwepo.

Mervin adaibweza kachiwiri, kachitatu, ngati maina angatulukire pansi pa nyimbo. Mervin adalira ngati mwana. Adaimba foni ku Likhubula kufunsa ngati alipo wina wokumbukira, koma anzawo onse a mkuluyo anali atatsogola kale.

Kuyambira tsikulo kwaya ikayamba nyimbo zija, Mervin amatuluka panja. Akuluakulu sadanama: madzi akatayika saoleka.