Kakowa Amene Ankangouluka

Padangokhala, ana inu, kale nyama zonse zikumwera dziwe limodzi, akakowa ankamanga zisa mumsangu wa pakati pa dambo. Wamkulu wawo, Kakowa, ankawatsogolera kukadya nkhupakupa pamsana pa njati.

Tsono njati ndi mikango zinakanganirana madzi. Mikango inaitana afisi, njati zinaitana mvuu, afisi anaitana mimbulu, mpaka nkhondo inawoloka mitsinje yonse n'kudzaza dziko. Akakowa okha ndiwo anali asanalowe.

Tsiku lina Njati, mtsogoleri wa njati zonse, anauza Kakowa kuti, "Bwenzi, msana wangawu wakudyetsa kuyambira uli mwana. Sindikuti umenye. Ukaona mkango muudzu ungouluka, ife tidziwe."

Mkazi wa Kakowa atamva anati, "Bambo, mazira ali pafupi kuswa. Nkhondoyi si yathu."

"Sitikumenya, mayi. Tikungouluka."

M'mawa mwake mikango ikukwawa muudzu, akakowa anauluka onse kuti mbee. Njati zinatembenuza nyanga, mkango umodzi unafera pomwepo. Madzulo mkazi uja anadandaulanso.

"Sitikumenya, mayi. Tikungouluka."

Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Kenaka mkango waukulu unayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Maso a njati ndi mbalame zoyerazi." Unatumiza mawu kwa akabawi kuti kumsangu kuli anapiye opanda mlonda.

Kakowa anabwerera atakhuta, n'kupeza zisa zili pansi, makoko a mazira ali mbwee. Mkazi wake anali patsinde, phiko litathyoka. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Mwauluka bwino, bambo?"

Kakowa anathamangira kwa Njati. "Bwenzi, atithera ana. Bwerani mudzatilondere mtengo."

"Pepa ndithu," anatero Njati. "Koma unaonapo njati itakwera mumtengo? Mawa tikuwolokera kutsidya, mikango yachuluka kumeneko. Mukatsala kuno akabawi akumalizani."

Kutacha Kakowa anasonkhanitsa akakowa otsala, natsata fumbi la njati kupita kunkhondo. Mkazi wake, poti sakanatha kuuluka, anamusiya patsinde pomwepo. Atafika pamwamba anacheuka, n'kuona kadontho koyera pansi pa msangu, akabawi akuzungulira. Njati anaitana, iye anapitirira.

N'chifukwa chake mpaka lero kakowa amayenda pambuyo pa nyama za nyanga khosi atalipinda, osaimba nyimbo.

Ana inu, wovomera kukhala maso a wankhondo walowa kale nkhondoyo, ndipo imayamba kudya a m'nyumba mwake.