Mipini Yatsopano ya Matchizulo a Bambo

M'shedi ya kuseri kwa nyumba munali mabenchi awiri. La pafupi ndi khomo linali la mwana wachisamba wa pabanjapo, amene tsopano ndiye ankalandira maoda a zitseko ndi mabedi. La pansi pa zenera linali la bambo ake, kalipentala wokalamba amene maso ankawathawa pang'onopang'ono mpaka nkhope ya munthu ankangoiona mbuu. Koma manja anali asanawakane. M'mawa uliwonse ankakhala pabenchi lawo n'kumasema mabowo olumikizira miyendo ya mipando, ndipo palibe kasitomala amene anabwezapo mpando.

Chimene chinkamuwawa mwanayo chinali matchizulo awo osemera mabowowo. Zitsulo zinali zakuthwa ngati lumo, koma mipini inali yomvetsa chisoni. Yonse inada bii ndi thukuta. Wina unang'aluka n'kumangidwa ndi waya, wina unadyeka mbali imodzi, wina unafupika n'kuphwanyika kumutu chifukwa cha nyundo. Kasitomala akaiyang'anitsitsa, iye ankangolakalaka nthaka itang'ambika. Ankaona ngati anthu akuti mumtima mwawo: mwana kalipentala, koma akulephera kusemera bambo ake mpini.

Mpata unapezeka pamene madalawo anagonekedwa m'chipatala kuti madokotala ayese kuwapala maso. Mwanayo anasankha mtengo wouma bwino, wolimba, n'kuyala matchizulo onse pabenchi. Mlongo wake, pobwera kudzasesa utuchi, anamupeza akunola mpeni.

"Achimwene, bambo mwawauza?"

"Ndiwauziranji? Ndikufuna akabwera adzaone okha."

"Nanga akabwera asakuona?"

"Pakamwa pakopo! Akuchipatala sadziwa ntchito yawo?"

"Ine ndangoti mukawafunse. Masana ano mukupita komweko ndi chakudya."

"Ndikawafunsa akana. Suwadziwa bambo iwe? Ndi malaya ong'ambika omwe amakana kutaya."

Anapitadi kuchipatala masanawo, anacheza nawo za mvula ndi za maoda, koma za mipini anatseka pakamwa. Atabwerera anaigwira ntchito ndi mtima wonse. Mipini yakale inakana kuzuka, poti inali itagwirana ndi chitsulo kwa zaka zambiri, choncho anachita kuiwaza, zibenthu zake n'kuziponya pamoto wa zinyalala. Yatsopanoyo anaisema yofanana ndendende, anaikwecha mpaka kusalala, anaiveka timikombero tachitsulo, n'kuipaka vanishi. Ataipachika pakhoma inkanyezimira ngati ya m'sitolo.

Bambo anatuluka m'chipatala maso ali chimodzimodzi, mwinanso mbuu kuposa kale. Sanadandaule. Mabandeji atangochotsedwa anapapasa khoma mpaka kukafika pabenchi lawo. Mwanayo anaima pambali, mtima uli dyokodyoko, kudikira mawu oyamika.

Dzanja la madala linakwera pakhoma, linagwira mpini woyamba, linausiya. Linagwira wachiwiri, kenako wachitatu. Linayenda mzere wonse n'kubwereranso.

"Zida za yani izi?"

"Ndi zanu, bambo. Ndakuikirani mipini yatsopano."

"Yakale ija ili kuti?"

Mwanayo anayang'ana pansi. Mlongo wake, amene anaima pakhomo, ndiye anayankha motsitsa mawu kuti inapsa.

Madala anasisita vanishi ndi chala. Kenako anati, "Wawaya uja unali wa chitsulo chachikulu. Wodyeka uja unkandiuza kumene chitsulo chayang'ana, chala chikangolowa pamalo pake. Ija ndiyo inali maso anga, mwanawe." Anapumira m'mwamba. "Koma wasema bwino. Ndi yosalala."

Mawu omalizawo anamulasa kuposa kutukwanidwa.

Madala anayesa ndithu. Kuti adziwe chitsulo chimene atenga, tsopano ankachita kupapasa kunsonga, ndipo zala zinadzaza timabala. Bowo limene kale ankalimaliza akuimba mluzu linkatuluka lokhota. Tsiku lina mpini woterera uja unatembenuka m'manja nyundo ikutsika, chitsulo chinang'amba mwendo wa mpando n'kukalowa m'chikhatho chakumanzere. Magazi anadontha pa utuchi, madala osalira ngakhale pang'ono.

Bala lili m'kati mopola, mwanayo anayesa kukonza zimene anawononga. Anapala vanishi yense, anasema timipata pa mipini, wina anaumanga ndi waya dala, wina anaudula kuti ufupike. Anawatengera bambo ake pakhonde.

"Tayesani iyi, bambo."

Madala anaigwira umodziumodzi, n'kumubwezera mwaulemu ngati akubweza katundu wa mlendo. "Ija sinasemedwe ndi mpeni. Inadyeka ndi dzanja langa kuyambira iwe usanabadwe. Zaka zodyetsa ina ndizitenga kuti?"

Sanalowenso m'shedi. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, manja ali pamaondo ngati zinthu zobwereka. Munthu amene ankadzudzula aliyense wokhoma msomali mokhotetsa anasiya ngakhale kufunsa kuti kwabwera oda yanji. Chakudya chinayamba kubwerera m'mbale, thupi linatsika, ndipo nyengo yozizira itafika chifuwa chinawapeza alibe mphamvu yolimbana nacho. Bokosi lawo anakhoma ndi mwana wawo yemweyo, yekha, chitseko cha shedi atatseka.

Anthu pamaliro ankamuyamikira kuti anasamala bambo ake mpaka mapeto, iye n'kumangogwedeza mutu. Mlongo wake sanamukumbutse kanthu, ndipo kukhala chete kwakeko kunkalemera kuposa mlandu. Chimene chinkamudya m'kati n'chakuti sanachite mwankhanza kapena mwaulesi. Anachita mwachikondi, ndi luso lake lonse. Chimene chinasowa chinali funso limodzi lokha, limene akanafunsa atakhala pambali pa bedi la m'chipatala, koma analimeza poopa kuyankhidwa kuti ayi.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.