Khutu la a Nangondo

Ana inu, mumakwinya nkhope munthu akakudzudzulani. Khalani pansi ndikuuzeni za a Nangondo.

A Nangondo ankakhala kumapiri a ku Dedza, ndipo pa luso loluka mikeka panalibe wowaposa. Chaka china mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyanjane, anapeza banja, ndipo mayiwo analumbira kuti amulukira mkeka wamawangamawanga woti akalowe nawo m'nyumba yatsopano. Ananyika mlaza mu utoto wofiira ndi wobiriwira, koma unali mwezi wa Juni. Chiperoni chinagwa sabata yathunthu, dzuwa osaoneka, mlaza osauma, tsiku la ukwati likuyandikira.

Ndiye mayi aja anaganiza nzeru. Anakoleza mbaula m'nyumba, nazunguliza mitolo ya mlaza pafupi penipeni kuti iume msanga. Amayi obwera kudzacheza ankangoyamikira mitundu ya utoto, za mbaula osanenapo kanthu.

Koma panali a Nasoko, oyandikana nawo nyumba, mayi wosadziwa kubisa mawu. Anakulira limodzi awiriwa, ndipo ankakangana ngati nkhuku za khola limodzi. A Nasoko atangolowa anawauza a Nangondo kuti asunthe mlazawo mapazi atatu kapena anayi, chifukwa chouma sichidikira kuti lawi lichikhudze, kutentha kokha kumachiyatsa.

"Inu a Nasoko, nsanje idzakuphani," anayankha a Nangondo. "Moto uli m'mbaula, mlaza uli kunja kwa mbaula. Udumpha?"

A Nasoko anatuluka akung'ung'udza. Zinawapweteka ndithu, poti ankawakonda anzawowo.

Mawa lake masana, a Nangondo anatseka chitseko ndi zenera chifukwa cha kuzizira, nakhala pansi kuluka. Kufunda kuja kunawakomera, utsi wa makala unawalemeretsa mutu, tulo tinawaba. Mlaza woyandikira mbaula unayamba kuda, kenako kufuka.

A Nasoko anali atatsimikiza kuti sapondako tsiku limenelo. Koma mtima unakana, ndipo anatenga mbale ngati wokapempha mchere. Atafika anaona utsi ukutuluka pansi pa chitseko. Anakankha chitseko, napeza mtolo umodzi ukuyaka, lawi likukwawira ku chitenje cha anzawo. Anaitana, zii. Anawagwedeza, zii. Pamenepo anawagwira khutu n'kulitsina ndi mphamvu zonse, mpaka a Nangondo anadzidzimuka ndi mfuu. Anawakokera panja khutu lili m'manja, nabwerera kukathira moto ndowa ya madzi.

Mlaza wambiri unapsa, ndipo mkeka wa Tiyanjane unatuluka waufupi, mbali imodzi yowauka. Khutu nalo linatupa masiku atatu. Pa ukwati anthu atafunsa za mkeka wowaukawo, a Nangondo anawakumbatira a Nasoko misozi ili m'maso.

"Nonsenu munkandiyamikira," anatero. "Koma ndikuvina lero chifukwa cha uyu anandipweteka khutuyu."

Kuyambira pamenepo anthu amati, wakutsina khutu ndi mnansi. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene amakuchenjeza, ngakhale mawu ake akuwawe, ndiye wokufunira zabwino. Wongokusekerera sataya kanthu ukapsa. Tsono wina akakuuzani kuti musunthe bulangete kapena makatani kutali ndi mbaula, musamutulutsire mlomo. Sunthani, kenako mumuthokoze.