Kachitsulo m'Chitini cha Mabatani

Ku Midelt, kuseri kwa msika wa maapozi, kunali nyumba imene anthu ankaidziwa chifukwa cha galimoto. Inali galimoto yakale yobiriwira, ya zitsulo zonyezimira kumaso, ya malemu Assou. Mwiniwakeyo anaiyendetsa zaka makumi anayi, ndipo adzukulu ake onse anafika pakhomopo koyamba atafukatidwa pampando wake wakumbuyo. Assou anamwalira m'mwezi wa Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, galimoto n'kugona pansi pa lona zaka zitatu.

Mwana wake, Bassou, atapuma ntchito ku fakitale ya ku Tanja, anabwerera kwawo n'kuvundukula lonayo. Nyengo yonse yotentha anaithera pansi pa galimoto. Anaipenta, anasoketsa mipando, anaika mphira zatsopano m'zitseko ndi m'mawindo kuti fumbi lisalowe, anapukuta bampala mpaka munthu akanatha kumeterapo ndevu. Bambo ake ali moyo sankamulola ngakhale kugwira sipanala. Tsopano inali nthawi yake, ndipo sankafunapo dzanja la munthu wina, ngakhale pakamwa.

Vuto linatulukira mphepo itayamba kutsika m'mapiri. Hita inkatulutsa kampweya kofunda ngati ka mphaka wodwala, ndipo galimoto ikangoyamba kutsetsereka, kampweyako kankazizira n'kuluma akakolo. Bassou anatsuka mapaipi kawiri. Anasintha kafani. Anathira madzi atsopano mu rediyeta. Hita sinamve kanthu.

Ndiye kunabwera uthenga kuchokera ku Azrou, kutsidya kwa phiri la Zad: mwana wamkazi wa Bassou, Touda, wachira, mwana wamwamuna. Akatha mwambo wa dzina, Touda anayenera kubwera kwa amayi ake kudzakhala masiku makumi anayi. Bassou sanalole kukambirana. Mdzukulu wa nyumba ya Assou amabwera pa galimoto ya Assou.

Tsiku lina masana ali chiweramire mu injini, Hmad, makaniko wa galaja yoyandikana ndi nyumbayo, anatsamira pampanda akutafuna mtedza.

"A Bassou, mkwatibwi wanuyo magazi akadali ozizira?"

"Samala zako, Hmad."

"Singano yosonyeza kutentha ikufika pati?"

"Yagona pansi. Injini yanga sitentha ngati zitini zimene umakonza iwe."

"Yagona pansi, inu n'kumasangalala? Ndiloleni nditsegule pakhosi pa injinipo ndione. Mphindi khumi zokha."

"Manja akowo apha magalimoto angati m'tauni muno?"

Hmad anaseka. "Chabwino. Ikani katoni kumaso kwa rediyeta, ngati a matakisi. Mwina mungafundeko maondo."

"Katoni? Pankhope pa galimoto ya bambo anga? Kaveke mkazi wako katoni."

Hmad analavula khoko la mtedza n'kubwerera ku galaja yake.

Madzulo ake, amayi ake a Bassou, a Ittou, anali pamphasa pafupi ndi mbaula akusokerera batani pa malaya. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi atatu, wamaso akuthwa, wosataya mawu. Pambali pawo panali chitini chakale cha tiyi chimene ankasungamo mabatani.

"Lyali akuyamba mawa," anatero, kunena masiku makumi anayi aja amene madzi amaumira m'mitsuko. "Bambo ako, lyali akamayandikira, ankabwera kukhitchini kuno n'kundiuza kuti..."

"Amayi, bambo ankachita zambiri. Ine buku la galimotoyi ndaliwerenga lonse."

"Bukulo ndi limene linakwatiwa ndi bambo ako?"

"Za injini zisiyeni. Inu sokani mabatani."

A Ittou anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analuma ulusi, n'kutseka chitini.

"Chabwino, mwana wa Assou. Pakamwa panga ndasokera limodzi ndi batanili. Tsiku limene udzafunse, ndidzasosola."

Bassou sanafunse. M'mutu mwake munali kale nzeru ina. M'mawa wa ulendo, anthu ali kalikiliki kukhitchini, anatenga mbaula yadothi ndi kathumba ka makala n'kuzibisa ku buti. Amayi ake anamupatsa mabulangete awiri aubweya wa nkhosa. Za mbaulayo sanaziwone.

Anafika ku Azrou zala zitauma pachiwongolero. Atamwa tiyi, mkamwini wake Mouloud anamukokera pambali.

"Bambo, pa Zad pagwa chipale chofewa usiku. Bwanji Touda ndi mwana ndiwaperekeze pa galimoto yanga? Yanuyi izitsogola, ulemu ukhale womwewo."

"Mkazi wakoyo anabwera kunyumba pa galimoto iyi ali ndi masiku atatu. Anafa?"

Touda analowa kumbuyo atafukata mwana, n'kukweza mapewa nthawi yomweyo.

"Bambo, muno mukuzizira ngati mosungira nyama."

"Dikira uone."

Bassou anapita kuseri kwa nyumba, nayatsa makala. Anakupiza mpaka utsi wonse unatha, makala ali psuu. Utsi ukatha choopsa chatha, anatero mumtima. Anaika mbaulayo pa thireyi yachitsulo, pansi, kutsogolo kwa mpando wopanda munthu. Mouloud anali atalowa m'nyumba kukatenga chikwama, ndipo pobwera anangochiponya ku buti n'kutsanzika pawindo lakumbuyo.

Asanatuluke n'komwe m'nkhalango ya mikungudza, m'galimoto munali mutafunda ngati m'chipinda. Bassou anasuzumira pagalasi.

"Ukuona? Mutu ukagwira, makaniko safunika."

"Titseguleko windo pang'ono, bambo. Amayi salola mbaula m'chipinda chotseka."

"Kuti mphepo imulowe mwana m'chifuwa? Ukawauza chiyani apongozi ako?"

Touda anabweza dzanja pachogwirira. Mphira zatsopano zija zinagwira ntchito yake bwino lomwe. Mpweya wakunja sunapeze polowera.

Atadutsa Timahdite msewu unayamba kukwera, mbali zonse kuli mbuu. Touda ankasimba za tsiku la dzina, za nkhosa imene anapha, za mlamu wake amene anapsereza mkate. Bassou anamva mutu ukugunda chapamphumi, ngati munthu akukhoma msomali pang'onopang'ono. Anati ndi kuwala kwa chipale. Anafinya maso n'kupitiriza.

"Mwanayu wasiya kuyamwa," anatero Touda, mawu akukokeka. "Wagona."

"Musiye agone. Wafunda."

Patapita kanthawi Bassou anazindikira kuti kumbuyo kuli zii. Anafuna kuitana, koma lilime linalemera m'kamwa. Mitengo yosonyeza m'mbali mwa msewu inayamba kuoneka iwiriiwiri. Anaganiza zoti aime, ndipo ganizolo linamuchokera ngati loto. Phazi linali kutali kwambiri ndi buleki. Anamva kukoma, kukoma koti munthu angotsamira pang'ono.

Galimoto inachoka mumsewu mwaulemu, ngati ng'ombe yopita kukamwa madzi, n'kukadziika mphuno mumulu wa chipale. Chifuwa cha Bassou chinagunda chiwongolero. Mbaula inagubuduka, makala n'kumwazika pakapeti. Ululuwo ndi umene unamudzutsa. Anapapasa chitseko, chogwirira chikumuthawa m'manja, mpaka chinatseguka, iye n'kugwera panja chafufumimba. Mphepo inamumenya kumaso ngati khofi. Anasanza. Kenaka anakumbuka.

Anakwawa kukafika kuchitseko chakumbuyo. Touda anali atapendeka, mutu uli pawindo, pakamwa pali yasa. Mwana anali pamiyendo pake, m'mabulangete aubweya aja, osagwedera.

"Touda. Touda, mwana wanga."

Anamukoka m'khwapa n'kumugoneka pachipale. Anamupaka chipale kumaso. Touda anabuula, zikope zikunjenjemera. Bassou anamusiya n'kutenga mwana. Anamuvundukula, iye amene anakana kutsegula windo chifukwa cha mphepo, n'kumuimika pamphepo ya pa Zad. Kathupi kanali lende ngati nsalu yonyowa. Anamusisita kumsana. Anamuuzira kumaso. Anatchula dzina la Mulungu, n'kutchulanso, mawu osatuluka bwino. M'galimoto kapeti inali ikufuka, koma sanacheuke.

Kamwendo kanakoka. Kankhope kanakwinyika. Kenaka kunatuluka kulira kochepa, kosasa, ngati kwa mwana wa mbuzi.

Lole yonyamula udzu wa nkhosa inaima kumbuyo kwawo. Dalaivala anatsika, nasuzumira m'galimoto, naona mbaula. Anakokolola chipale ndi manja n'kukwirira makala aja, kenaka anamuyang'ana Bassou kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Imvi zonsezi, bambo?"

Anawakweza kutsogolo, windo lili pululu, n'kubwerera nawo kuchipatala chaching'ono cha m'munsi mwa phiri. Kumeneko mayi ndi mwana anawaika pampweya mpaka m'mawa. Namwino ananena kuti mphindi zina khumi, akanabwera ndi mitembo itatu. Mouloud atafika sanapereke moni kwa apongozi ake. Anadutsa ngati pakhomo paima mtengo.

Patapita masiku awiri, galimoto inabwera ku Midelt mokokedwa ndi chingwe, nkhope yonyezimira ija itaphwanyika mbali imodzi. Touda ndi mwana anabwera pa galimoto ya Mouloud. Bassou anazungulira pabwalo mpaka dzuwa linapendeka, kenaka analowa kukhitchini. Amayi ake anali pamalo pawo. Anakhala pansi, pamphasa, ngati mwana.

"Amayi."

"Ndikumva."

"Bambo ankati chiyani lyali akamayandikira?"

A Ittou anakoka chitini chija, nakhuthula mabatani onse pansalu. Pansi penipeni panali kanthu kokulungidwa m'kansanza ka mafuta. Anamasula. Kanali kachitsulo kamkuwa kokhala ndi sipuling'i, kosaposa dzira la nkhuku.

"Ankati, Ittou, ndipatse kalorsta wanga. Kanthuka kamakhala pakhosi pa injini. Kamatsekera madzi kuti ayambe atentha asanapite ku rediyeta. Nyengo yotentha ikafika, bambo ako ankakachotsa, chifukwa ankatsika kuchipululu kukatenga zipatso za kanjedza ndipo ankaopa kuti injini iwira. Kuzizira kukabwera, ankakabwezera. Zaka makumi anayi ndakhala ndikukasunga ine. Anamwalira mu Ogasiti. Ukuganiza kuti kanali kuti?"

Bassou anakatenga m'manja. Kanali kopepuka.

"Bwanji simunandikakamize?"

"Ndimati ukazizidwa maondo ulendo umodzi, uphunzira. Ndikanadziwa za mbaula, chitinichi ndikanakuswa nacho mutu. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikayankha ndekha kwa Mulungu. Koma iwe unali ndi pakamwa. Hmad anali pampanda. Ine ndinali pano. Mwana wako anakuuza za windo."

M'mawa mwake Bassou anazungulira mpanda, kachitsulo kali m'manja, n'kukaima pakhomo pa galaja. Hmad anakayang'ana, nayang'ananso mwiniwake. Bassou ankadikira chipongwe, koma Hmad anangotenga sipanala. Sizinathe mphindi khumi. Injini italira kanthawi, singano ija inadzuka n'kuima pakati, ndipo hita inatulutsa mpweya wotentha woti munthu abweze mapazi.

Masiku makumi anayi atakwana, Bassou anaimika galimoto pakhomo, itawongoledwa nkhope, mkati muli ju. Touda anatuluka atabereka mwana. Anaiyang'ana, nayang'ana bambo ake.

"Yakonzeka tsopano," anatero Bassou. "Gwira uone."

"Ndamva, bambo. Ikhale bwino."

Anadutsa n'kukakwera ya mwamuna wake. Kuyambira tsiku limenelo palibe khanda la nyumba ya Assou limene linakweranso galimoto ija. Bassou amaiyendetsa yekha, ali wofunda bwino, mpando wakumbuyo uli wopanda munthu.

Yankho linali m'nyumba mwake momwe, mikono iwiri kuchokera pamene ankamwera tiyi, pansi pa mabatani. Linkangodikira mawu amodzi. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.