Foni Yokhoma ya Sofiya

Pa msika wa Kabwata aliyense ankadziwa kashopu ka Sofiya, mayi wosoka makatani ndi madiresi a ukwati. Foni yake inali yakale, galasi long'aluka ngati nthaka ya m'chilimwe, koma inkalandira malaini awiri popanda kunyinyirika. Laini imodzi inali ya zaka khumi, ndipo nambala yake ndi yokhayo yomwe bambo ake okalamba, a Abdulkadiri a ku Chunga, ankaidziwa pamtima.

Tsiku lina kampani ya laini inayo inamutumizira uthenga wakuti wasankhidwa kulandira foni yatsopano. Chofunika kunali kusiya foni yakale ndi kusaina pangano la zaka ziwiri. Mtima wa Sofiya unadumpha. Anaonetsa uthengawo Besa, wokonza mafoni pa shopu yoyandikana nayo.

"Ba Sofiya, mafoni aya amabwela okhoma," anatero Besa. "Laini ina sizangena. Gulani yotseguka, olo ikhale yogwilapo kale nchito."

"Nsanje chabe, ba Besa," anayankha Sofiya akuseka. "Mufuna nizibwela kuno kukonzetsa mpaka imfa?"

M'mawa mwake anakwera minibasi ya m'tauni, nasaina mapepala atatu osawerenga ngakhale mzere umodzi. Anabwerako ndi foni yonyezimira ngati kalilole. Koma ataikamo laini yakale ija, foni inaikana kwamtuwagalu. Manyazi anamuletsa kupita kwa Besa. Anaikulunga lainiyo m'kapepala, naiponya m'chitini cha mabatani, nati adzagula kafoni kakang'ono pakutha pa mwezi. Bambo ake anawalembera nambala inayo pa kalendala, kuiwala kuti maso awo anali atachita kale nkhungu.

Mwezi unatha, wina unatsatira. Makasitomala akale ankaimba osamupeza. Mayi wina wa ku Kabulonga, yemwe ankafuna madiresi khumi a operekeza mkwatibwi, anatopa n'kupereka ntchitoyo kwina. Sofiya anadandaula tsiku limodzi, kenaka anadzitonthoza ndi zithunzi zokongola zomwe foniyo inkajambula.

Lachisanu lina m'mawa a Abdulkadiri anagwa pakhomo. Oyandikana nawo atawanyamula, mkuluyo anatchula nambala yakale ija pang'onopang'ono, nati, "Muitaneni mwana wanga." Anthuwo anaimba kasanu, anaimba kakhumi, koma laini inali m'chitini. Dzuwa lisanafike pamutu mkuluyo anatsirizika. Munthu amene anatumidwa ku Kabwata anapeza shopu yotseka, pakuti Sofiya anali ku Woodlands, kuyeza mawindo a nyumba ina. Besa ndiye anamuimbira madzulo, atamva kwa amayi a pamsika.

Pofika ku Chunga, Sofiya anapeza amuna akubwerera kuchokera ku manda, fumbi lili m'mapazi. Mwambo wa Chisilamu sugoneka maliro. Mayi woyandikana nawo anamugwira dzanja.

"Anakuitana mpaka mawu anatha, mwana wanga. Maso anali pa chitseko."

Patapita sabata, Sofiya anapita ku kampani kuja kukapempha kuti amumasule pa pangano lija. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta, nanena mwaulemu kuti kwatsala miyezi makumi awiri ndi umodzi. Sofiya anatuluka, naima m'mbali mwa msewu, magalimoto akudutsa, foni ili m'manja ngati mwala wozizira. Misozi inagwera pa galasi losalalalo n'kutsetsereka osasiya chizindikiro.

Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.