Buku Lobiriwira la Mankhwala a Thonje

Kalekale, chaka chimene mtsinje unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu, amayi atatu a sukulu ya kwacha anali m'madzi olekeza m'chiuno, akutulutsa mabuku m'kalaibulale kawo. Kanali kachipinda kamodzi kuseri kwa tchalitchi, m'dera la alimi a thonje, kutali ndi chipatala. Osamala kachipindako anali atatuwa: Lufina, Esinati ndi Doroteya.

Lufina ndiye anali ndi mphamvu. Anasenza mabuku m'beseni kukwera nawo pachulu, kutsika, kukweranso, mpaka khosi linauma gwa. Dzuwa litatuluka anawayanika pamphasa ngati mphale, n'kumatembenuza tsamba ndi tsamba. Mabuku anapulumuka. Koma timapepala ta manambala timene anthu a kuboma anamata kumsana kwa buku lililonse tinamatuka padzuwa paja, mphepo n'kutitenga. Anzake atadandaula, iye anati, "Manambala mulembanso. Buku likavunda mulilembanso ndinu?"

Esinati ndiye ankadziwa kasanjidwe ka mabuku, poti anakakaphunzira kuboma. Ankati buku lililonse lili ndi malo amodzi basi, malinga ndi nkhani yake: za chipembedzo pa 200, za umoyo pa 610, za ulimi pa 630. Anakhala pansi ndi phala lomatira n'kulemba manambala atsopano. Buku limodzi lobiriwira linamuvuta. Linali la mankhwala opopera thonje, koma chakumapeto linkafotokoza zoyenera kuchita mankhwalawo akamutayikira munthu. Madzi asanabwere linkakhala pa za umoyo, koma nambala yake inali itapita ndi mphepo. Esinati analiwerenga lonse. "Masamba ambiri akukamba za mbozi ndi nsabwe za m'thonje," anatero. "Tinaphunzira kuti buku lizipita kumene kuli nkhani yake yaikulu." Analemba 630.

Doroteya ndiye anali mphunzitsi. M'kalasi mwake munali Belita, amake Tiyese, amene zilembo zinkamulowa movutikira. Belita akafuna buku ankasolola onse n'kumayang'ana zithunzi za pachikuto, ndipo akachoka mashelefu ankatsala ali mbwee. Tsiku lina Doroteya anatopa nazo.

"Amake Tiyese, kodi muli pa kaunjika? Pano sitivundula ayi. Mukafuna za matenda, imani pa za umoyo, phazi osasuntha. Mukapanda kulipeza pamenepo ndiye kuti palibe."

Amayi ena anaseka. Belita anachita manyazi, koma anamva. Pofika nyengo yokolola ankalowa n'kulunjika pashelefu yoyenera osafunsa munthu, ndipo Doroteya ankamuloza kwa ophunzira atsopano kuti atengerepo chitsanzo.

Mvula inabweranso, thonje linakula. M'mawa wina Wedisoni, mwamuna wa Belita, anabereka sipuleya yopopera mankhwala kupita kumunda. Chitsekerero chake chinali chotha, ndipo mankhwala ankachuchira pamsana pake. Iye anangoti atsirize kaye munda. Masana anafika pakhomo ali dzandidzandi, thukuta kamukamu, dovu likutuluka, n'kugwa pakhonde. Amene anathamangira kuchipatala pa njinga anakaima m'mbali mwa mtsinje wodzaza. Amayi atatu aja anali kumaliro kumudzi wina.

Belita anakumbukira kuti, madzi aja asanasefukire, Doroteya anawawerengerapo m'kalasi buku lobiriwira lonena za ngozi yomweyi. Zoyenera kuchitazo zinali zitamuthawa m'mutu, koma ankadziwa kuti zinalembedwa. Anathamangira kulaibulale. Mwamuna wake akudwala, ndiye anaima pa za umoyo, monga anamuphunzitsira. Anayamba kuwerenga misana ya mabuku ndi chala, chilembo ndi chilembo. Uchembere. Malungo. Kutsegula m'mimba. Atafika kumapeto anayambiranso, poganiza kuti ndi umbuli wake. Manja ake anafuna kugwetsa mabuku onse pansi monga ankachitira kale, koma m'makutu mwake munamveka mawu aja akuti ukapanda kulipeza pamenepo ndiye kuti palibe. Buku lobiriwira linali pashelefu yam'munsi, pa za ulimi, pafupi ndi bondo lake.

Anabwerera chimanjamanja. Anapeza anansi atam'mwetsa Wedisoni mkaka ndi kumufunditsa bulangete chifukwa ankanjenjemera, malaya onyowa mankhwala aja ali m'thupi. Buku lija linkati munthu mumuvule zovala, mumusambitse ndi sopo ndi madzi ambiri. Sopo analimo m'nyumba. Madzi ndiye anali ponseponse. Dzuwa lisanalowe, Wedisoni anatsirizika.

Maliro a Wedisoni atatha, atatu aja atamva kuti Belita anafunafuna bukulo osalipeza, analowa m'kachipinda kaja. Esinati anawerama n'kusolola bukulo osafufuza n'komwe.

"Ndikanapanda kuwatulutsa m'madzi, bwenzi palibe ndi buku lomwe," anatero Lufina, koma maso ali pansi.

"Ine ndinaliika pamene anandiphunzitsa," anatero Esinati.

"Nanga ine ndikanam'phunzitsa kuvundula?" anafunsa Doroteya.

Belita anabwerako kamodzi kokha, kudzabweza pensulo. Anawauza kuti asadziimbe mlandu, buku lija liyenera kuti linapita ndi madzi chaka chatha. Iwo analandira pensuloyo osamuuza kuti bukulo lilipo. Kuyambira pamenepo Belita sanakhudzenso pepala. Ngakhale nyimbo kutchalitchi amaimba za pamtima, buku lili chitsekere. Thonje linauma m'munda popanda wotola, ndipo Tiyese anasiya sukulu kuti azithandiza amake maganyu.

Atatu aja anagwirizana kuti Belita ayenera kumva zoona, ndipo wokamuuza akhale amene dzanja lake linalemera kwambiri pa imfayi. Mpaka lero palibe wapita.

Tsono inu amene mwamva, weruzani. Ndani ayenera kukaodira pakhomo pa mayi wamasiyeyu: Lufina amene anapulumutsa mabuku n'kutaya manambala, Esinati amene anaika buku pamalo oyenera pamene munthu wa mantha sakanayang'ana, kapena Doroteya amene anaphunzitsa Belita kuima pamalo amodzi?