Nkhokwe ya Nambewe, Mwana wa Nungu

Kalekale, inu nonse muli pano, nyama zikadayankhula ndi kulima minda ngati ife, m'munsi mwa phiri lina munkakhala Nungu wamasiye dzina lake Nakwenda. Anali ndi mwana wamkazi, Nambewe.

Anungu anali ndi mwambo wawo. Mwana wamkazi akakula, minga yake ikalimba, mayi ankamupatula: ankamupatsa mbewu ndi munda, ndi kumulola kuimika nkhokwe yakeyake. Koma mayi sankachita izi payekha. Nkhoswe ya banjalo inkabwera nthawi yokolola, kumuyesa mwanayo, ndi kunena kuti wakula. Ikabwera kudzayesa, inkabwerera ndi dengu la chimanga.

Nkhoswe ya kwa Nakwenda inali Nguluwe, mnzake wa malemu mwamuna wake. Mumtima mwake Nguluwe ankati, "Tsiku limene ndidzanene kuti mwanayu wakula, dengu langa lidzathera pomwepo."

Chaka choyamba, Nguluwe analowa m'mizere imene Nambewe analima. Anafukula ndi mphuno, anafukulanso, mizere yonse phwasu!

"Alamu, onani," anatero kwa Nakwenda. "Ndangoinunkhiza, yagumuka. Akadali mwana uyu."

Anasenza dengu, ulendo.

Chaka chachiwiri, Nambewe analuka nkhokwe ya nsungwi. Nguluwe anaitsamira, nayamba kukandirapo msana. Anakanda, anakanda, mpaka nkhokwe khu, pansi!

"Alamu, onani. Msana wokha yagwa, nanga mphepo ya mwera? Akadali mwana uyu."

Anasenza dengu, ulendo.

Chaka chachitatu, Nguluwe anati, "Undisankhire chimanga cha mbewu." Nambewe anasankha chachikuluchikulu, chamaso odzaza. Nguluwe anakhala pansi, nkuchikukuta chimodzichimodzi, chonse psiti!

"Alamu, onani. Wasankha chokoma kudya, osati chodzala. Akadali mwana uyu."

Anasenza dengu, ulendo.

Nguluwe atangopotoloka, Nambewe anataya zitsononkho pamapazi pa mayi ake.

"Amayi, kodi simukuona?"

"Ndikuona."

"Mukuona, ndiye mwangoti duu? Munda uno ndimalima ndine. Kupalira ndine, kukolola ndine. Koma ndikafuna kukazinga chimanga, mpaka ndigwade ndikupempheni ngati kamwana ka dzulo. Anzanga obadwa nawo chaka chimodzi ali ndi nkhokwe ziwiriziwiri. Ine ndidzamera imvi ndikuyesedwabe ndi mimba ya a Nguluwe?"

Nakwenda anawerama. "Unali ndi mkulu wako, iwe usanadziwe kanthu. Ndinamupatula ali msinkhu wakowu. Chaka chomwecho Kambuku anamupeza yekha kumunda kwake. Ine ndinakatola minga yokha, Nambewe. Minga yokha. A Nguluwe ndi osusuka, ndikudziwa. Koma akamati ukadali mwana, mtima wanga umakhala pansi."

Tisafulumire kumunyoza Nakwenda, anzanga. Mantha akewo sanali opeka. Komabe, zaka zitatu za mwana wamoyo zinali zitadyedwa chifukwa cha mwana amene anapita, ndipo amene ankanenepa nazo anali Nguluwe.

"Pepani, amayi," anatero Nambewe. "Zimenezi sindinkazidziwa. Koma inu mukadzapita, Kambukuyo adzandipeza ndili chimodzimodzi, wosadziwa kuima ndekha. Pamenepo mudzakhala mutanditeteza?"



Tsono mwambo womwewo unkati chimanga chotsalira m'munda anthu akatha kukolola ndi cha amene watola. Nambewe anatenga lichero, nayamba kukunkha. Anakunkha m'mapesi, anakunkha m'mizere, anakunkha ndi kumalire. Chinali chimanga ching'onoching'ono, china chamaso ochepa, koma chinali chake. Anaoloka mtsinje, anaswa mphanje, anakumba una wake. Mvula itagwa, anadzala.

Sizinali zophweka. Anyani anamubera chamondokwa, ndipo mwezi wa njala anadya mizu. Mayi ake sanaoloke mtsinje dzinja lonse. Koma pokolola anapeza chokwanira, ndipo anaimika nkhokwe yaing'ono.

Nguluwe atafika kwa Nakwenda chaka chimenecho, anapeza kuti woyesedwa palibe, dengunso palibe. Anakwiya. Anamutenga Nakwenda, onse awiri tsidya lija.

"Iwe mwana!" anakuwa Nguluwe. "Wakuloleza ndani kuimika nkhokwe?"

"Takulandirani, a Nguluwe. Takulandirani, amayi. Mbewu ndinakunkha, munda ndinaswa ndekha. Chanu apa n'chiti?"

"Tamumvani pakamwapo! Choka, ndiiyese nkhokweyo."

"Simuikhudza."

"Choka, ndati!"

"Simuikhudza."

Nguluwe anaweramitsa mutu, nayamba kuyandikira. Nambewe anatembenuka, namulozetsa msana. Nguluwe anaseka kwambiri.

"Alamu, onani! Wandifulatira. Akunyanyala ngati khanda lomanidwa bere!"

Koma Nakwenda anali nungu, ankadziwa kuti nungu akakufulatira sakunyanyala. Anaona minga ya mwana wake ikuima, yaitali, yakuda ndi yoyera, ikuchita tsekeretsekere.

"Alamu, bwererani m'mbuyo!" anakuwa.

Nguluwe sanamve. Anathamangira nkhokwe, Nambewe naye anathamanga chafutambuyo. Tswi! Minga isanu ndi iwiri pamphuno, mphuno yomwe ija yofukulira mizere ya eni.

"Mayo! Mphuno yanga! Mayo!" Nguluwe anathawa akulira. Atafika pamtsinje anatembenuka. "Sindidzanena kuti wakula! Wamva? Mpaka imfa!"

"Sindinakufunseni," anayankha Nambewe.

Nakwenda anamuyang'ana mwana wake nthawi yaitali. Zaka zonsezi, choopsa chikabwera, amene ankaima patsogolo anali mayiyo, ndipo anali asanaonepo minga imeneyi itaima. Kenaka anazungulira nkhokwe, akugwedeza miyendo ya nkhokweyo umodziumodzi.

"Mwendo uwu wapendekeka," anatero.

"Ndikudziwa, amayi. Ndiukonza mawa."

"Ndibwere?"

"Bwerani mudzandigwirire. Koma womanga ndine."

Nakwenda anagwedeza mutu movomera. Anaoloka mtsinje yekha akupukuta misozi, ndipo m'mawa mwake anabweranso, atanyamula luzi.

Phunziro lake ndi ili, anzanga. Kholo loopa si loipa, koma mantha ake akasanduka chingwe, osusuka amabwera kudzadyerapo. Ndipo iwe amene wakula, lemekeza misozi ya makolo ako, koma usadikire chilolezo kwa munthu amene amakhuta ndi ubwana wako.

Nthano yanga yagonera pamenepa. Amene anakwirira mbatata m'phulusa athamange akaifukule, ingapserere.